Magazi Anga Anapezeka Kuchimuna

Chizindikiro choyamba chinali chizungulire. Unali mwezi wa Disembala, chaka chachitatu chibwerereni kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinkapalira chimanga kumunda kwathu ku Chiuta. Nditaweramuka ndinangoona mdima, khasu linapulumuka m'manja, ndipo ndinapezeka nditakhala pamzere. Ndinapuma pang'ono, ndinamwa madzi, kenaka ndinatola khasu langa n'kupitiriza. Dzina langa ndine Luwiza, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndine munthu wamakani. Sakunama ayi.

Mimba imeneyi inali yachinayi. Mwana wanga woyamba, Anita, anabadwira ku Malawi ndipo ali moyo mpaka lero. Wachiwiri anabadwa thupi lonse lili lachikasu, ndi maso omwe, ndipo anangokhala masiku anayi. Mimba yachitatu inapita padera. Ndiye mutha kuona mmene ine ndi amuna anga, a Tomasi, tinkamufunira mwana ameneyu. Nkhondo inali itatha, tinali titamanga nyumba pabwinja la mayi anga, ndipo mumtima ndinkati uyu yekha abadwire kwathu kuno, mwina akhala.

Chizungulire chija sichinathe. Mapazi anayamba kutupa. Ndikayenda kuchokera pakhomo kukafika pachitsime, mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu. Zikhatho zinayera mbee, ndipo ndinkalakalaka dothi la pachulu kuposa chakudya. A Tomasi anandiuza kawiri konse kuti tipite kuposito, kuja kuli kachipatala kathu kakang'ono. Ine ndinawafunsa ngati udzu wa m'mundamo udzipalire wokha, ndinawonjezanso kuti munthu wamwamuna sangandiphunzitse za mimba ine woima kanayi. Milungu itatu inatha choncho, ndipo ndimaidandaula mpaka pano.

Kumayambiriro kwa Januwale, m'mawa wina ndinadzuka n'kupeza magazi pa kapulana, chitenje chimene ndinagonera. Panalibe pamene pankapweteka, ndipo zimenezi n'zimene zinandiopsa. Ulendo uno a Tomasi sanandifunse maganizo, anangondikweza panjinga. Namwino wa kuposito, bambo wachikulire ndithu, anakoka chikope changa cha m'munsi n'kupukusa mutu.

"Mayi, magazi mwawasiya kuti?" anatero. "Pano sindingakuchitireni kanthu. Pitani kuchipatala chachikulu ku Cuamba lero lomwe."

Anatilembera kalata. Tinayenda panjinga m'matope mpaka ku Entre Lagos, kumene tinadikira sitima, imene kuno timati komboyo. Masiku amenewo inkayenda mwa apo ndi apo, ndiponso pang'onopang'ono ngati ikuopa njanji. Tinafika ku Cuamba tsiku lotsatira. Wondidwazika anali mayi aang'ono, a Rozina, mng'ono wawo wa malemu mayi anga.

Anandigoneka m'chipinda cha amayi apakati, pabedi la pafupi ndi zenera, n'kundiika soro, madzi aja olowera mumtsempha. Tsiku lomwelo ananditenga magazi kukayeza. Dotolo anali mayi wamng'ono thupi, wolankhula Chipwitikizi chothamanga. Popeza Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, ankatimasulira ndi namwino wina wa ku Mandimba, a Sesiliya, amene ankadziwa Chinyanja.

Mavuto anali awiri. Loyamba, nsengwa imene mwana amadyeramo m'mimba inakhala m'munsi n'kutseka njira, ndiye kunali kotaya magazi kuja. Mwanayo sakanabadwa mwa njira ina koma opaleshoni basi. Koma dotolo sakanandiika mpeni popanda magazi ena ali pambali, chifukwa ndi timagazi timene ndinatsala nato ndikanafera patebulo pomwepo. Vuto lachiwiri linali magaziwo. Anandifotokozera kuti magazi a anthu ali m'magulu, ndipo gulu langa ndi limene amalitcha O negativu. Anati mwa ife anthu akuda a kuno gulu limeneli ndi losowa kwambiri, moti iwo chiyambireni ntchito pamalopo anali atangoliona kangapo kokha. Pachipatalapo magazi otere panalibe. Zikavuta zedi amatha kumupatsa munthu magazi a gulu loyandikana nalo, koma ine thupi langa linali litaphunzira kale kulimbana ndi magazi amenewo pa mimba zam'mbuyo zija. A Sesiliya anati mwina n'chifukwa chake mwana wachiwiri uja anabadwa wachikasu. Ha! Zaka zonsezo ine ndinkaganizira mayi wina wa kumsasa wa othawa nkhondo, amene tinakangana pamjigo, kuti ndiye anandilodzera mwana.

A Tomasi ndi mayi aang'ono anayezetsa tsiku lomwelo, ndipo onse awiri sanagwirizane nane. A Sesiliya anandiuza mmene amaonera. Amasakaniza magazi anga pang'ono ndi a munthu winayo. Akagwirizana amakhala osalala bwinobwino, akakanana amachita mibulu ngati phala losavundula.

Tsiku lachiwiri dotolo anabwera ndi pepala. Anati magazi otere amayenda m'banja, choncho nditchule abale anga onse. Ndinatchula malume anga, ana a mayi aang'ono, ana a mayi aakulu, mbumba yonse ya kwathu. M'mimba mwa mayi anga ndinabadwa ndekha, ndiye panalibe mkulu kapena mng'ono woti ndimutchule. Kenaka dotolo anafunsa funso lomveka bwino, ndipo a Sesiliya analimasulira bwinobwino, sindinganamizire chilankhulo.

"Nanga bambo anu anabereka ana ena kwa mkazi wina?"

"Ayi, alibe," ndinayankha.

Linali bodza, ndipo ndiyenera kufotokoza kumene linachokera. Bambo anga, a Saidi, anali msodzi wa kunyanja ya Chiuta, Msilamu, ndipo anali ndi akazi awiri. Mayi anga anali oyamba. Kwa mkazi wachiwiri, wa kugombe komweko, anabereka ana atatu, mwamuna dzina lake Rashidi ndi alongo ake awiri. Tsiku limene nkhondo inafika kwathu tonse tinathamangira kunyanja, poti tsidya lake ndi Malawi. Bwato la bambo linali laling'ono. Anakweza mkazi wachiwiri ndi ana ake atatu, ife n'kutiuza kuti tidikire m'bango abweranso. Tinadikira masiku awiri, udzudzu ukutidya, koma sanabwere. Tinazungulira pansi, m'madambo, mpaka kumalire. Mayi anayamba chifuwa paulendo umenewo, ndipo chinawatenga chaka chachiwiri tili kumsasa. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo nawo anamwalirira ku Malawi komweko mtendere usanabwere, ndipo kumaliro kwawo sindinapite.

Titabwerera kwathu, Rashidi anabwera pakhomo panga ndi dengu la makumba ouma. Anavula nsapato, anakhala pansi, n'kunena kuti, "Achemwali, tabwera kudzakulonjerani." Ine ndinamuuza kuti kunyanja ndilibe mlongo, anyamule nsomba zake azipita. Ananyamuladi, ndipo chichokereni tsikulo sitinalankhulanenso.

Komabe ndisanamizire mkwiyo wokha. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ukwati, maliro, munda, mlandu, zonse amayendetsa ndi malume ako, mwini mbumba. Ana a bambo ako kwa mkazi wina ndi anthu a mudzi wina. Mutha kupatsana moni panjira, koma ukadwala sindiwo amene anthu amathamangira kukawauza. Ndiye uthenga utafika kumudzi kuti Luwiza akufunika magazi a abale, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za kunyanja. Ine ndinaganiza, koma ndinadziuza kuti magazi anga ndi a mayi anga, apezeka mwa anthu a mayi anga, ndiye ndidzichepetserenji kwa anthu amene anatisiya m'bango?

Munthu mmodzi yekha ndiye anayesa. Tsiku lachitatu a Tomasi anakhala m'mphepete mwa bedi n'kulankhula motsitsa mawu.

"Amake Anita, nanga a kunyanja aja?"

"Mukawatchulanso anthu amenewo, mukwere komboyo muzipita kwanu," ndinatero.

A Tomasi ndi mkamwini pamudzi pathu, ndiponso ndi munthu wofatsa mopitirira. Anangodzuka n'kutuluka panja.

Masiku a m'chipatala ankafanana onse. Kukacha ankabwera okolopa, kenaka namwino woyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Ankatipatsa timapiritsi tofiira towonjezera magazi, timene tinkandichititsa nseru. Odwazika ankaphikira panja pansi pa mitengo ya mango, ndipo mvula ikagwa chakudya chinkabwera mochedwa, chonunkha utsi. Ine sankandilola kudzuka ngakhale kupita kuchimbudzi. Nthawi imene ndinkaidikira inali imodzi yokha, pamene a Sesiliya ankabwera ndi kachitsulo kawo kooneka ngati lipenga. Ankakaika pamimba panga, n'kutsamiritsa khutu, maso ali pa wotchi. Akatha ankati, "Ali bwino mwana wanu, mtima ukugunda." Mwanayo ankakonda kupunda ndikangomwa phala. Amayi ena ankabwera, kubereka, n'kutuluka ndi ana awo kumsana kwa odwazika, ine ndili pabedi lomwe lija.

Tsiku lachinayi malume anga, a Berenado, anafika ndi anthu asanu ndi mmodzi a kumudzi. Awiri mwa iwo atamva kuti magazi awo akalowa m'thumba, anakumbukira nkhani za anamapopa, ndipo anabwerera pakhomo penipeni pa chipatala. Asanu otsalawo, kuphatikizapo malume, anayezetsa. Panalibe wogwirizana nane. Dotolo anatumiza uthenga ku zipatala zina kufunsa ngati ali nawo magazi a gulu langa, koma yankho linali lakuti alibe. Malume anatuma munthu kumudzi kuti kubwere ena. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunabwera anayi, ena mwa iwo achibale chakutali moti ine sindinkawadziwa n'komwe. Nawonso magazi awo anachita mibulu. Onse pamodzi anakwana anthu khumi ndi mmodzi, ndipo kupatula amuna anga, onsewo anali a kuchikazi.

Madzulo a tsikulo dotolo anaitana malume pabedi panga. Pofotokoza, a Sesiliya anatchula zoti magazi otere amapezeka kawirikawiri mwa azungu kusiyana ndi mwa ife. Malume anadzuka pampando.

"Mukutanthauza kuti mlongo wanga anayenda ndi Mpwitikizi?" anafunsa, mawu ali pamwamba.

Amayi a pamabedi ena anaseka, ndipo dotolo naye atamasuliridwa anamwetulira. Anati ayi, palibe za mzungu apa. Mwana amatenga magazi mbali ziwiri, theka kwa mayi, theka kwa bambo. Gulu ili limatha kubisala m'banja mibadwo ingapo osaoneka, ndipo limatulukira pokhapokha mayi ndi bambo onse awiri akapatsira mwana. Choncho ngati ine ndili nalo, ndiye kuti bambo anga nawonso anali nalo m'thupi mwawo, ndipo mwana wa bambo mmodzi ndi ine ali pafupi kuposa achibale akutali amene tinkabweretsa aja. Anafunsanso kachiwiri ngati kuchimuna kulibe aliyense.

"Bambo ake anamwalira kalekale," anatero malume, n'kundiyang'ana.

Sananame, anangonena theka. Theka linalo linali langa kuti ndinene, ndipo onse ankadikira ine. Mayi aang'ono anazolika. Mwana m'mimba anali kupunda nthawi yomweyo, ndikukumbukira bwino. Kalanga ine, ndinangotembenukira kuzenera. Mumtima ndinkati timapiritsi tofiira tija tikweza magazi anga, dotolo achita opaleshoni popanda thumba la munthu, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu mwana anapunda pang'ono chabe. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinamwa phala, koma m'mimba munali zii. A Sesiliya anabwera ndi kachitsulo kawo. Anamvetsera kumanja, anasunthira kumanzere, anabwerera pamchombo. Anauza okolopa kuti asiye kaye phokoso. Kenaka anatuluka osandiyang'ana n'kubwera ndi dotolo, amene anamvetseranso nthawi yaitali.

"Pepani mayi," anatero a Sesiliya. "Mtima wa mwana wasiya."

Sindinalire nthawi yomweyo. Ndinangofunsa ngati kachitsuloko sikanawonongeke. Masana ake magazi anayamba kutuluka ambiri kuposa kale. Dotolo anauza a Tomasi kuti tsopano nkhani ndi ya moyo wanga, chifukwa mwanayo ayenera kuchotsedwabe ndi opaleshoni, ndipo masiku otsala ndi ochepa. A Tomasi sanandifunse ine, sanapemphenso chilolezo kwa malume. Anangotenga chipewa chawo n'kupita kusiteshoni.

Masiku atatu otsatirawo ndimawakumbukira mwa zidutswazidutswa. Ankandisintha nsalu pafupipafupi, soro akatha n'kuika wina. Ndinkamva kuzizira ngakhale masana. Nthawi zina ndinkamva mayi aang'ono akupemphera, nthawi zina ndinkawaona milomo ikuyenda koma osamva mawu. Zimene zinachitika panja anandiuza pambuyo pake ndi a Tomasi. Anatsika ku Entre Lagos, anabwereka njinga, n'kukafika kugombe atanyowa thupi lonse. Anamupeza Rashidi akuwamba nsomba. Akuti sanafunse mafunso ambiri, anangosiyira mkazi wake nsombazo, anaitana alongo ake awiri aja, n'kunyamuka ndi zovala zomwe anali nazo.

Anafika tsiku lakhumi ndi chiwiri, ndipo analunjika koyezetsa asanandione n'komwe. Alongo awiriwo sanagwirizane nane. Magazi a Rashidi anakhala osalala. Unali mwezi umene Asilamu amasala chakudya, ndipo iye chiyambireni kusala ali mnyamata anali asanaphonyepo tsiku. Namwino anamuuza kuti satenga magazi kwa munthu wanjala, amene wayenda ulendo wotero. Akuti anaima kanthawi ndithu atagwira chibwano, kenaka anapempha tiyi ndi buledi, n'kudya dzuwa lili paliwombo. Madzulo a tsiku lomwelo anandilowetsa ku opaleshoni.

Nditatsitsimuka ndinaona thumba la magazi litapachikidwa pamwamba panga, akudontha pang'onopang'ono. Pamimba pankapweteka koopsa, koma kuzizira kuja kunali kutachoka. Dotolo anandiuza kuti ndinataya magazi ambiri, ndipo popanda thumba limenelo sindikanadzuka. Anandiuzanso kuti mimba ina ingandiphe, ndipo titakambirana ndi a Tomasi ndinavomera kuti ndisadzaberekenso. Poona mmene ndinalili, anayesa kunditonthoza. Anati mwanayo mwina anali atafooka kale chifukwa cha kulimbana kwa magazi kuja, ndipo sangalonjeze kuti akanakhala moyo ngakhale magazi akanapezeka msanga. Ndikudziwa kuti ananena zoona. Koma ndikudziwanso kuti mtima wake unagunda m'mawa usanu ndi utatu ine ndili pabedi lija, ndipo kuchokera ku Cuamba kupita kunyanja n'kubwerera ndi masiku atatu okha.

Rashidi analowa kudzandiona tsiku lotsatira. Anaima chapatali, kofia ili m'manja, malaya akununkhabe utsi wa nsomba. Ndinachita manyazi moti ndinayambanso kunama.

"Tikanakuitanani kale," ndinatero, "koma ndi mvulayi njira..."

"Alamu andiuza zonse m'njira, achemwali, musadzivute," anandidula. Kenaka anati, "Tsiku la bwato lija ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Bambo anandiuza kuti kwera, ndinakwera."

Apa m'pamene ndinalira, mpaka a Sesiliya anabwera kudzandikalipira kuti ndiphwasula ulusi. Zaka zonse zija ndinkasunga mlandu wa bambo anga pa mwana amene anangomvera kholo lake. Rashidi anandisiyira sopo ndi shuga pang'ono, ndipo mawa lake anabwerera kunyanja ndi alongo ake.

Ndinakhala m'chipatala milungu ina itatu. Tsiku lachitatu chichitikireni opaleshoni anandidzutsa kuti ndiyambe kuyenda, ndipo ndinkagwira khoma ngati mwana wophunzira. Bala linachedwa kupola chifukwa cha kuchepa kwa magazi, moti ankalitsuka m'mawa uliwonse. Chimene chinandipweteka kuposa bala ndi mkaka. Unabwera wambiri, mawere n'kutupa, woyamwa palibe. Mayi aang'ono ankandimanga nsalu pachifuwa mwamphamvu mpaka unauma. Potuluka anandipatsa timapiritsi tofiira ta miyezi isanu ndi umodzi, ndi kakhadi kolembedwa gulu la magazi anga, n'kundiuza kuti ndizikaonetsa kulikonse kumene ndapita kukalandira chithandizo. Tinafika kumudzi chimanga chitamasula ngaiyaye, munda wonse utalowa udzu.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Miyezi iwiri yoyamba ndinkangosesa pakhomo n'kukhala pansi. Pofika nthawi yokolola ndinkatha kusenza dengu laling'ono, ndipo dzinja lotsatira ndinalima ndekha. Lero ndili bwino ndithu. Ndimalima chimanga ndi nandolo, ndimakwera njinga mpaka ku Entre Lagos, chizungulire sichinabwerenso. Bala limangonyerenyetsa kukazizira. Anita anakula, anakwatiwa, ndipo ali ndi ana ake, iye magazi ake ndi a gulu la bambo ake. Kunyanja ndimapitako, ndipo Rashidi ndimamuitana kuti achimwene pamaso pa aliyense, ngakhale pamaso pa malume. Ana aakazi a Rashidi akaima ndimawalondola ndekha kuti akayezetse magazi mimba ikadali yaing'ono. Amanditcha azakhali ovuta, ine ndilibe nazo ntchito.

Kwa amayi anzanga ndikuti, mukaona chizungulire, mapazi kutupa, zikhatho kuyera, kapena kadontho ka magazi muli ndi pakati, siyani khasu mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Funsani kuti akuuzeni gulu la magazi anu musanadwale. Anamwino anandiuza kuti mayi wa gulu ngati langa akadziwika msanga, pali jakisoni amene amateteza ana obwera m'mbuyo, ndipo pamakhala nthawi yofunafuna munthu wopereka magazi. Kupereka magazi sikupha munthu, achimwene anga akupalasabe bwato mpaka lero. Ndipo dotolo akakufunsani za abale anu, tchulani onse, a kuchikazi ndi a kuchimuna omwe, ngakhale amene simudyerana nawo. Za mbumba ndi za milandu yakale mukakambirane kumudzi mutachira.

Mwana wanga anali wamwamuna. Mwa mwambo wathu, mwana wobadwa atafa salira maliro ndipo sapatsidwa dzina, amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete. Mayi aang'ono anakamuika pamodzi ndi amayi awiri odwazika anzawo, anthu achilendo, ine ndisanatsitsimuke. Nditayamba kuyenda ndinawapempha kuti akandisonyeze malowo, koma anakana, anati make wa mwana saonetsedwa. Ndinawapemphanso patapita zaka, anakanabe, ndipo anamwalira osandiuza. Chaka chilichonse ndimapita ku Cuamba kukagulitsa nandolo. Ndikatha malonda ndimayenda kuseri kwa chipatala kuja, kumene kale kunali tchire koma pano anthu amangako nyumba. Ndimayenda uku ndi uku mpaka nthawi ya komboyo itakwana, osadziwa poti ndiime.